Kompyuta Itasesa Pabwalo

Ku Thambani kuli anthu amene akandiona amayamba kuseka asanandipatse moni. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha.

Ntchito yanga ndi yobena nyimbo. Ndili ndi kashopu pa Mwanza Boma, m'mbali mwa msewu wa mathiraki opita kuboda. Munthu amabwera ndi fulashi kapena memori khadi, ndimamuikira nyimbo ndi mafilimu, amapita. Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Chizungu ndimadziwa cha pa zikwangwani. Kulankhula sindikonda. (Mkazi wanga amati mawu amatuluka mwa ine ngati akundizula dzino.)

Kompyuta yanga imayendera pulogalamu yotchedwa Linux. Anandiikira ndi mlamu wanga Afonso, amene anakwatira mlongo wanga. Makolo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Iye amagwira ntchito yoombola katundu wa mathiraki, ndipo ofesi yawo ili kuseri kwa khoma langa. Kale mafulashi a madalaivala ankandibweretsera mavairasi osatha. Afonso anati, "Mlamu, tiike ichi, matendawa athe." Anaika. Matenda anatha. Sindinafunsenso kanthu.

Tsopano mumve mmene ndinkagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mafayilo anga sindinkawadziwa ndi mayina. Ndinkawadziwa ndi malo. Chilichonse ndinkachiika pa sikirini pomwepo, poyera, ngati mphale yoyanika pabwalo. Kumtunda kumanzere, nyimbo za makwaya. Kumunsi kwake, za maukwati. Kumanja, za ku Mozambiki, zimene madalaivala a ku Tete amakonda. Pakona ya kumunsi, mafilimu a nkhonya. Pakati, timavidiyo ndi zithunzi zimene anthu ankandisungitsa mafoni awo akadzaza. Munthu wina akanaona akanati ndi chipwirikiti. Ine dzanja linkapita lokha.

Afonso ankandinena. "Mlamu, zipatseni mayina zinthuzi. Tsiku lina mudzalira."

"Nkhuku zanga zilibe mayina," ndinkamuyankha. "Ndimazidziwa."

Pakati penipeni pa sikirini panali kavidiyo kamodzi. Anandisungitsa ndi Layitoni, dalaivala wa thiraki, mwana wa a Nachisale a ku Thambani. Munali bambo ake, a Kamwendo. Pasanapite nthawi a Kamwendo anamwalira, ndipo foni ya Layitoni inabedwa ku Beira. Kavidiyo kaja kanatsala kwa ine ndekha. Layitoni anandiuza zimenezi ndi pakamwa pake. Ndinagwedeza mutu. Sindinakakopere pena paliponse. (Ndinkati ndichita mawa. Mawa limenelo mukulidziwa.)

Chaka chino banja linakonza zomanga chiliza. A Nachisale anatumiza uthenga kuti akufuna kavidiyo kaja pa khadi, kuti pa tsiku la mwambo adzukulu awo amene anabadwa agogo atapita adzawaone. Ndinayankha kuti palibe vuto, nzosachedwa.

Vuto linabwera ndi kabokosi. Kanali katayamba kutulukira pa sikirini m'mawa uliwonse ndikangoyatsa. Mawu achizungu ambirimbiri, mabatani awiri kumunsi. Ndinkadina lotuwa, kankachoka. Mawa lake kankabweranso. Chinthu chikamakupempha tsiku ndi tsiku, pamapeto umachipatsa kuti chikusiye. Tsiku lina ndinadina lobiriwira. Kanandifunsa pasiwedi. Ndinapereka, ngati mwini wake wodziwa zimene akuchita.

Kompyuta inayamba kukoka zinthu pa netiweki ya ofesi ya Afonso. Inakoka m'mawa wonse. Makasitomala ndinkawabweza monyada: "Ikudzikonza." Masana inazima yokha, inayakanso yokha.

Pabwalo panali posesedwa.

Chithunzi chokongola cha mitundumitundu, basi. Makwaya kulibe. Maukwati kulibe. A ku Tete kulibe. Pakati, pamene panali a Kamwendo, panali mbee. Ndinaimbira Afonso. Foni sinkapezeka. Mlongo wanga anati wapita ku Tete ndi za ntchito, sakudziwa abwera liti.

Ndinayamba ndi mankhwala amene aliyense amawadziwa: kuzimitsa, kuyatsa. Chithunzi chomwecho. Ndinazimitsanso, ndinadikira kuti izizire, ndinayatsa. Chomwecho.

Kenako ndinagwedeza mausi mwaukali. Kamuvi kanathawira pakona ya kumtunda kumanzere, ndipo sikirini yonse inadumpha, chithunzi chinachepa ngati chikubwerera m'mbuyo. Ndinati ikufuna kubweza. Sinabweze kanthu. Kuyambira pamenepo, dzanja langa likangopita kumene kunali makwaya, sikirini inkadumpha. Dzanja silinkamva kuti makwaya anasamuka.

Ndinazula zingwe zonse. Ndinatsegula bokosi la kompyuta, ndinapopa fumbi ndi pampu ya njinga. Fumbi linatuluka lambiri, ndinayetsemula mpaka misozi. Mafayilo sanatuluke.

Apa ndinaganiza mozama, ndipo ndi pamene ndinapusa kwambiri. Ndinati: zinthu zinali pa sikirini. Ndiye kuti yadwala ndi sikirini. Ndinapita kwa a Sikelo, atelala amene amasoka pakhonde loyandikana ndi langa, ndinabwereka TV ya kunyumba kwawo. Ndinainyamula pamutu kudutsa msika wonse. Ndinalumikiza. Chithunzi chomwe chija, koma chachikulu. (Umphawi womwewo, nyumba yaikulu.)

Ndinabwezera sikirini yanga. Pofufuza ndinapeza kampata kolembapo, kokhala ndi chizindikiro cha galasi lofufuzira. Ichi ndinachimva. Ndinalemba ndi chala chimodzi: Kamwendo. Palibe. Ndinalemba: bambo a Layitoni. Palibe. Ikanawapeza bwanji ndi dzina limene sindinawapatse? Ndinakumbukira nkhuku zija.

Pomaliza ndinatsegula kachithunzi kooneka ngati kabati. Munali mafoda a mayina achizungu. Awiri ndinawazindikira, Music ndi Videos. Ndinatsegula loyamba. Mopanda kanthu. Lachiwiri. Mopanda kanthu. Sindinaganize kuti m'menemo sindinaikemo chinthu chiyambire. Ndinangoti umboni ndi umenewu, zonse zapita. Enawo sindinawakhudze. Ndinafuna kukankhira windo la mafodawo pambali, koma kabatani kotsitsira kamene ndinazolowera kanalibenso. Panatsala kotsekera kokha. Ndinatseka.

Nyimbo sizinandipweteke. Nyimbo zimabwera ndi madalaivala tsiku lililonse. Koma a Kamwendo sakanabweranso ndi thiraki iliyonse.

Ndikanatha kuimba foni. Koma ine ndinaleredwa kuti nkhani yoipa sanenera pafoni. Imayenda ndi miyendo. Ndiponso sapita nayo munthu mmodzi, amatenga wamkulu wodziwa kuyala mawu. Ndinapempha a Sikelo. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo pakamwa ali napo. Anavomera msanga. Anavala jekete lawo lakuda, anatenga Baibulo. (Sayenda opanda Baibulo, ngakhale popita kogula ulusi. Ndikanayenera kuliona bwino Baibulo limenelo.)

Tinakwera pikapu ya matola m'mawa. Fumbi, mabampu, thumba la makala pamsana panga. Titatsika pa Thambani tinayenda wapansi mpaka kumudzi. Tinalowa pakhomo pang'onopang'ono, a Sikelo patsogolo, ine pambuyo, maso pansi. A Nachisale anali pakhonde, akupeta nandolo. Mpongozi wawo, mkazi wa Layitoni, anatibweretsera mipando. Tinakana. Tinakhala pansi. Tinavula zipewa.

Taganizani zimene mayi uja anaona. Munthu wa pamsewu wa mathiraki. Mkulu wa mpingo wa jekete lakuda ndi Baibulo. Onse pansi, zipewa m'manja. Ndipo mwana wawo ali panjira ya ku Beira. Aliyense akanaziona zimenezi. Ine sindinazione.

A Sikelo anakonza kukhosi. "Mayi, pepani tabwera modzidzimutsa. Mukudziwa kuti pansi pano palibe chokhalitsa. Chimene tili nacho m'mawa, madzulo sitikhala nacho. Mbale wathuyu wabwera ndi mtima wosweka, chifukwa dzulo masana pa Boma paja..."

Lichero linagwa. Nandolo anamwazika pabwalo ponse.

"Mayo ine! Mwana wanga Layitoni!"

Mpongozi anadzigwetsa pansi. Amayi a nyumba zoyandikana anatuluka akuthamanga, zitenje akumangira m'njira, kulira atayamba kale asanamve kuti wafa ndani. A Sikelo anakweza manja kuti anthu akhale chete, ndipo anthu anaona ngati ayamba pemphero. Bambo wina anabwera ndi benchi pamutu. Wina ndinamuona akuthyola masamba oika pamsewu.

Ndinaimirira. Ndinalankhula mawu ambiri kuposa amene ndinalankhula pa ukwati wanga.

"Layitoni ali moyo! Ndi kompyuta! Yafufuta ndi kompyuta!"

Palibe anamva. Anatipulumutsa ndi malume ake a Layitoni, bambo wamtali wa ndevu zoyera. Anatulutsa foni, anaimba, anaika pokweza. Inaitana. Inaitananso. Kenako mawu a munthu wotafuna.

"Halo, amalume? Ndikudya. Kwagwanji?"

Kulira kunaleka. Mayi wina anamaliza kulira kwake yekha, chifukwa anali atafika pakati. Wa benchi uja anaitsitsa n'kukhalapo.

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Achimwene, mwakwera galimoto kuchokera ku Boma, ndi abusa anuwa, kudzatiuza za wailesi?"

"Kompyuta," ndinatero.

"Ikanafa mbuzi mukanabwera ndi bokosi?"

Anthu anaseka. Anaseka kwambiri, ngati mmene amasekera anthu amene angotsala pang'ono kulira zenizeni. Mpongozi anadzuka, anadzisasa fumbi, sanandiyang'anenso.

A Nachisale okha sanaseke. Anamwa madzi, anakhala pansi, anati ndifotokoze. Ndinafotokoza mwachidule. Kabokosi, batani lobiriwira, pabwalo posesedwa. Anamvetsera akutola nandolo mmodzimmodzi.

"Ndiye kuti mawu awo apita," anatero.

"Apita, mayi."

"Nkhope ndimaikumbukira. Chithunzi chilipo m'nyumbamu. Koma mawu ayamba kundithawa. Ndimati ndiwamve m'mutu, ndimamva a Layitoni."

Kunyozedwa ndi amalume kunali kopepuka. Apa ndinasowa poyang'ana.

"Mawa ndibwera ku Boma," anatero. "Ndikaone pamene anatayikira."

Pobwerera a Sikelo anati mwina anayamba patali pang'ono.

Mawa lake a Nachisale anafika dzuwa litakwera. Ndinawapatsa mpando wanga. Ndisanayatse n'komwe, Afonso analowa, chikwama cha ulendo chili paphewa, mano onse panja. Nkhani inali itamupeza kuboda.

"Epa, mlamu! Ndamva mwatsegula nthambi ya maliro. Mumakumbanso manda, kapena mumangolengeza?"

"Khala pansi. Ona ichi."

Anapereka moni kwa mayi aja mwaulemu, anakoka kabenchi. Anatsegula kachithunzi ka kabati kamene ndinatsegula ine. Anadutsa Music, anadutsa Videos. Anadina foda ina, yolembedwa Desktop.

Zonse zinali m'menemo. Makwaya, maukwati, a ku Tete, nkhonya.

"Sinataye kanthu," anatero. "Linux yatsopanoyi siyanika zinthu pabwalo. Yangozilowetsa m'nyumba, ngati yaona mvula."

"Osandiuza?"

"Inakuuzani. Kabokosi kaja munawerenga?"

Ndinayang'ana kumsewu.

Koma m'nyumbamo inazisanja mwa nzeru zake. Mzere umodzi wautali, kutsata mayina. Timavidiyo ta anthu tonse tinali ndi mayina a manambala okhaokha, ofanana ngati nyemba. Pakati panalibenso. Sindinadziwe kuti a Kamwendo ndi ati.

Afonso anatembenukira kwa a Nachisale. "Mayi, anajambula liti kavidiyoka?"

"Nyengo ya manachesi. Chaka chimene Layitoni anakwatira."

Anandionetsa kuti manambala aja amayamba ndi chaka, kenako mwezi. (Zaka zonsezi ndinkayesa ndi zokongoletsa.) Tinatsala ndi timavidiyo tochepa. Pomwepo foni yake inalira, thiraki ya kasitomala wake yaimitsidwa pachipata. Anadzuka. "Tsegulani kamodzikamodzi, mlamu. Musadine chobiriwira chilichonse." Anathamanga.

Tinatsala awiri. Koyamba kanali ukwati wa anthu osawadziwa. Kachiwiri, munthu akuonetsa ng'ombe yake mbali zonse. Kachitatu, mtengo wa manachesi, makwerero, ndi bambo wa malaya oyera ali pamwamba, dengu lili m'nthambi.

A Nachisale anagwira m'mphepete mwa tebulo.

A Kamwendo anatembenuka, anayang'ana pansi, pakamwa panayamba kuyenda. Mawu osatuluka.

Ndinapotokola batani la sipika. Zii. Ndinapotokola mpaka kumapeto. Ndinakwezanso ampu imene imapereka mawu ku masipika a panja, oitanira makasitomala. Zii. Ndinazula chingwe, ndinabwezera. Kavidiyo kanatha. Ndinakayambitsanso.

"Akukalipa," anatero mayi aja motsitsa. "Mlomo umenewo ndimaudziwa. Koma sindikudziwa akuti chiyani."

Dzanja langa linali litafika kale pa pampu ya njinga. Ndinalibweza. Kwa nthawi yoyamba chiyambire vutoli, ndinakhala pansi n'kungoyang'ana sikirini, osaimenya, osaizimitsa. Ndinaganiza: mafayilo sanatayike, anangosamutsidwa. Mwina mawunso sanatayike. Mwina akupita pachipata cholakwika.

Pakona ya kumtunda kumanja panali kachizindikiro ka sipika. Ndinadina. Panatuluka kamzere ka voliyumu, kali kodzaza, ndi kamuvi kakang'ono pambali pake. Ndinadina kamuviko. Mayina awiri. Limodzi linali lochongedwa, ndipo linali ndi zilembo zomwe zalembedwa m'mphepete mwa sikirini yanga, imene ilibe sipika. Ndinayang'ana bwino kuti linalo si lobiriwira. Ndinadina.

Ampu ija ndinaiiwala.

"IWE LAYITONI! SIYA KAFONIKO, GWIRA MAKWERERO! UKUFUNA AMAKO ATSALE OKHA?"

Msewu wonse unamva. Amayi ogulitsa zipatso anatembenuka. Wakabaza wina anatsika panjinga. A Sikelo anatulukira pakhomo, tepi ili m'khosi, Baibulo lili m'manja. Ndinalumphira ampu kuti nditsitse.

"Isiyeni," anatero a Nachisale.

Anali akuseka, misozi ikutsika. M'kavidiyomo Layitoni ankaseka nayenso, chithunzi chikugwedera, ndipo a Kamwendo anamugenda ndi nachesi. Kanathera pamenepo. Kanali kakafupi kwambiri. Palibe mawu anzeru, palibe malangizo kwa adzukulu. Bambo wokalipa mumtengo, basi.

Mayi aja anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Analankhula ndi sikirini, osati ndi ine.

"Ndatsalatu ndekha, a Kamwendo." Kenako anati, "Bwerezani."

Ndinabwereza mpaka anati zakwana. Makasitomala anadikira panja. Palibe anadandaula.

Ndinakopera pa khadi lawo. Ndinakoperanso pa khadi lina, la Layitoni, ndi pa fulashi imene ili m'chitini kunyumba kwanga. Afonso atabwerako ndinamufunsa mmene amasinthira dzina la fayilo. Anandionetsa osanena za nkhuku, ndipo ndimamuthokoza. Ndinalemba ndi chala chimodzi: A Kamwendo mumtengo.

Afonso anaikamo kanthu kena kamene kanabwezeretsa mafayilo pabwalo, ndi kabatani kotsitsira windo. Anathetsanso kudumpha kwa pakona kuja. Anati popeza ndayamba, ndipatse mayina zonse. Ndinati ndichita mawa. Ndinaziyalanso monga kale: makwaya kumtunda, a ku Tete kumanja, nkhonya pakona. Ya dzina ndi imodzi yokha. Ili pakati. Akuti kabokosi kaja kadzabweranso. Kakadzabwera ndidzagogoda pakhoma la ofesi ya Afonso.

Ndimaganizabe za ulendo uja. Ulemu ndinali nawo, njira ndinaitsata yonse monga anandiphunzitsira akuluakulu. Chimene chinasowa ndi mawu ochepa onenedwa msanga, ndisanakhale pansi. Ine amene ndimanyadira kusalankhula ndinabwereka pakamwa pa munthu wina, ndipo mayi analira mwana wamoyo.

Pochoka pashopu tsiku lija a Nachisale anaima pakhomo. "Ku chiliza mubwere, bambo. Koma mubwere nokha. Ndipo chipewacho musavule."

Ndinapita. Ndekha. Ndinalowa m'mudzi mofulumira, ndikupereka moni mokweza kwa aliyense, ngakhale kwa amalume aja. Adzukulu anaonera agogo awo pa foni, akulimbirana, ndipo kamdzukulu kamodzi kanayamba kukuwa m'bwalo monse kuti gwira makwerero.

Titafika kumanda, amuna onse anavula zipewa. Ine ndinagwira changa m'mphepete, ndinaima choncho, wovala ndekha pakati pa anthu. Ndinayang'ana a Nachisale. Iwo anayang'ana pambali pawo, pamene panaima mwana wawo, anamugwira dzanja.

"Vulani tsopano, bambo," anatero. "Layitoni ndikumuona."